Moto wa Mbewa ku Luwawa

A Zondwayo Nhlane ankalipidwa chifukwa chokhala pansi, ndipo anthu a pakomboni ya Luwawa sankatopa kuwakumbutsa zimenezo. Anzawo akamalowa m'nkhalango ya boma ndi nkhwangwa ndi masowo, iwo ankakwera makwerero a nsanja yoonera moto, kukhala pakampando, n'kumayang'ana mitengo ya paini kuyambira kudamu mpaka kumapiri. Ntchito yawo inali imodzi: akaona utsi apukuse lamya kuuza akapitawo, kenako amenye chitsulo kuti aliyense amve. Koma utsi suoneka tsiku lililonse, choncho diso limodzi linkakhala pankhalango, linalo m'Baibulo.

Ndipo Baibulolo ankalidziwa, zimenezo tisawamane. Lachitatu lililonse anthu akaweruka, ankasonkhanitsa ofuna m'katchalitchi kaudzu n'kumawerenga nawo, osati molalikira ayi, koma mofunsana. Anthu ankabwera ndi nkhani zawo. Wina nkhuku yake yadyedwa ndi mnansi, wina mkazi wasiya kumulankhula, wina kapitawo wamuika padzuwa. A Zondwayo ankamvetsera, kenako n'kutsegula pamalo oyenera, osafufuza.

“Bukuli si jekete yovala Lasabata,” ankatero m'Chichewa chawo chopendekera ku Chitumbuka. “Ntchito yake imayamba Lolemba m'mawa.”

Zinkathandizadi. Panali mabanja amene akanatha kalekale koma anagwira chifukwa cha kalasi limenelo. Panali amuna awiri ocheka matabwa amene anatsala pang'ono kutemana chifukwa cha nkhwangwa yobwereka, ndipo tsopano ankadyera limodzi. A Zondwayo ankazidziwa zonsezi, ndipo kunyada kunalipo. Ankati n'kochepa, koma sikunali kochepa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawazunguza mutu, Bestone. Iyeyu anali wa mpingo uja wokana kugula khadi la chipani. Masiku amenewo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, wopanda khadi sankalowa mumsika, sankakwera basi, ndipo ntchito ya boma sankakhalitsa nayo. Bestone atamuchotsa ntchito yodula mitengo anakamanga kanyumba kunja kwa nkhalango, n'kumalima mbatata ndi mkazi wake ndi tiana tawo. Akakumana ndi a Zondwayo panjira, moni unkakhala wachidule, kenako mavesi. Ankakangana za kumene munthu amapita akafa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chowawa chinali chakuti naye Bestone sankafufuza potsegula. A Zondwayo sankamukonda. Ankapemphera ndithu kuti Mulungu amuchitire chifundo Bestone, koma makamaka kuti amusamutsire kwina.

Chuma chawo chenicheni chinali mwana wawo wamkazi, Kezia. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ana enawo anabalalikira kumigodi ndi kumaukwati akutali, wotsala pafupi anali yekhayo. Atabwera ndi nkhani yoti akufuna kukwatiwa ndi Saulosi, mnyamata wa ku Dowa wogwira ntchito kumakina ocheka matabwa, a Zondwayo anakwinya nkhope nthawi yaitali. Mchewa! Koma mnyamatayo anali waulemu, wokonda kuseka, ndipo Lachitatu sankajomba. Ankakhala kumbuyo, patali ndi apongozi ake monga mwa mwambo, chipewa chili pabondo, akumeza mawu alionse. Mapeto ake anamulandira, mpaka kuyamba kumutchula ngati chitsanzo kwa anyamata ena.

Vuto linali mbewa. Kwa a Nhlane, Angoni oweta ng'ombe, mbewa inali chakudya cha mphaka. Saulosi ankazidya monga amadyera kwawo, ndipo Kezia ankamuseka mpaka kumupatulira mbale yakeyake. Koma mimba sidziwa mtundu. Kezia atatenga pakati nkhuli inamugwira, ndipo sinafune nkhuku, sinafune mbuzi. Inafuna mbewa zomwe ankazinyozazo.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, udzu wonse utauma. A Zondwayo atakweza maso anaona kautsi kowonda kakukwera kuseri kwa fayabuleki, msewu wolambulidwa uja wolekanitsa tchire ndi mitengo ya boma. Anatenga magalasi oonera kutali. Munthu wina anali ataimirira ndi khasu, akudikira kuti udzu upse mauna a mbewa aonekere, monga amachitira kwawo m'minda yokololedwa kumene kulibe choti chipse. Pambali pake panali galu woyera woduka mchira. Pakomboni ponse panalibe wosadziwa mwini wake wa galuyo.

Dzanja lawo linafika palamya n'kuima. Anadziuza kuti kamotoko n'kakang'ono, mkamwini akazimitsa yekha. Pomwepo mphepo inatembenuka. Anaona Saulosi akuthyola nthambi, akumenya uku moto ukutulukira uko, kenako udzu woyaka unauluka pamwamba pa fayabuleki n'kukatera m'masamba ouma a paini. Amene sanaonepo paini akupsa asamanene kuti moto amaudziwa. A Zondwayo anapukusa lamya, anamenya chitsulo mpaka phewa kuwawa, koma moto unali utakwera kale kunsonga za mitengo.

Unanyeketsa chigawo chonse cha kumadzulo, mitengo imene inatsala pang'ono kudulidwa. Amuna onse a pakomboni anathera komweko ndi nthambi ndi mafosholo, ndipo amene analimbana nawo kuposa onse, mpaka manja kusupuka, anali Saulosi. Anthu anamuyamika. Iye anangoyang'ana pansi.

Phulusa lisanazizire, a Kingstone anali atapeza kale wolakwa. A Kingstone anali tcheyamani wa chipani pa Luwawa, munthu amene kale ankasoka zigamba pakhonde la sitolo, koma chilandirireni udindo ankayenda ngati dziko analisiya ndi bambo awo. Iwo anati moto wotero subwera wokha. Anati imeneyi ndi ntchito ya adani a boma, ndipo mdani wa boma pa Luwawa ankadziwika: wopanda khadi, wochotsedwa ntchito, wokhala m'mphepete mwa nkhalango. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anakamutenga Bestone m'munda mwake, anamumenya mpaka kukhutira, n'kumutsekera m'nyumba yosungira zida atamumanga ndi chingwe cha ng'ombe. Mabwana ochokera ku boma la Mzimba ankayembekezeka m'mawa mwake.

Madzulo amenewo a Zondwayo akutsika pansanja anapeza a Kingstone akuwadikira pansi pa makwerero.

“A Nhlane, inu ndinu maso athu,” anatero a Kingstone. “Mawa mabwana akafunsa, mbwenu mungoti, ‘Ndinamuona.’ Basi.”

“Ndinamuona ndani?”

“Aa, mukufuna ndikuwerengereni ngati vesi? Bestone. Kapena munaona wina?”

A Kingstone anawayang'ana pang'ono, kenako anamwetulira. “Aliyense akudziwa kuti inu simunama. N'chifukwa chake mabwana akakukhulupirirani. Yewo chomene.”

Kunyumba anapeza Kezia atagwada pakhomo, ndipo Saulosi atakhala pansi chapatali pafupi ndi mulu wa nkhuni, manja atakulungidwa m'nsanza, kamtolo ka zovala kali pambali.

“Adada, awa ayenera kuchoka,” anatero Kezia. “Akadutsa ku Jenda, mawa ali ku Zambia. Ine ndawauza kuti apite. Iwo akuti sangapite inu musananene.”

“Bambo, ndalakwa,” anatero Saulosi, maso ali pansi. “Ndiuzeni chochita. Inu ndi amene mumadziwa.”

Mawu amenewo anawakomera a Zondwayo. Ngakhale tsiku loipa ngati limenelo, anawakomera. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi buku, ndipo monga mwa masiku onse sanafufuze. Nkhani ya moto inalimo, ngati kuti wolembayo anali pa Luwawa Loweruka lija: munthu akayatsa moto, motowo n'kuthawira m'munda wa mnzake, woyatsayo abweze zimene zapsa. Sipanalembedwe zoti aphedwe, sipanalembedwe zoti ndi chigawenga. Mtima wawo unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chiyambire motowo.

“Mwamva, akweni?” anatero, kumuitana mkamwiniyo monga amaitanira kwawo. “Mlandu wanu ndi wobweza. Ntchito itha, mwina akutsekerani pang'ono, mbwenu tipita kumudzi ku Champhira tikalime. Koma mukathawa mwavomera nokha kuti ndinu chigawenga, ndipo abwera kudzatenga mkazi wanu ndi mimba yakeyo. Munthu wolungama sathawa. Tikanena zoona, kuti zinali mbewa.”

“Adada,” anatero Kezia, “a Kingstone sawerenga buku lanulo.”

“Mwini buku alipo.”

“Ndiye musanene chilichonse. Mukanene kuti munaona utsi wokha.”

“Ndikatero, Bestone akwera galimoto.”

“Akwere! Munayamba liti kumukonda Bestone?” Kezia anali asanawakwezerepo mawu bambo ake, ndipo anadabwa yekha, koma sanasiye. “Munatiphunzitsa nokha za azamba a ku Iguputo. Mfumu inawauza kuti aphe ana, iwo anainamiza mfumuyo, ndipo Chiuta anawadalitsa. Nanga mayi uja wa ku Yeriko amene anabisa anthu padenga? Sananame? Munati anachita bwino. Ndinalipo, adada, ndinkamva.”

Zinawabaya, chifukwa mwanayo sanaphonye. Pa onse amene ankabwera Lachitatu, wogwira msanga anali iyeyu.

“Bodza lawo silinaphe munthu, mwana wane. Langa lipha. Ndipo munalembedwanso kuti amene anaona, akaitanidwa kuti anene iye n'kukhala chete, wasenza mlanduwo. Ine ndinaona. Bwenzi ndili wakhungu masana aja, koma ndinaona.”

“Ndine ndinawatuma,” anatero Kezia. “Ndine ndinalira mbewa. Ndapota, adada. Ngati simungandinamire, musaname. Koma alekeni apite. Dzuwa likadalipo.”

Apa panali njira, yoonekeratu ngati msewu wa ku Jenda. Saulosi akanapita, ndipo m'mawa a Zondwayo akananena zoona zawo popanda womangidwa. Koma anali atapeza vesi loyenera, ndipo munthu amene wapeza vesi loyenera savuta kumudziwa: samvanso china. Anayang'ana Saulosi. Saulosi ankayang'ana bukulo.

“Akweni, musathawe.”

Saulosi anatenga kamtolo kake ndi manja opsawo n'kukabwezera kunyumba.

Msonkhano unachitikira pabwalo la ofesi. Landirova inafika dzuwa litakwera, munatsika apolisi ndi bwana wina wa suti yotuwa amene dzina lake palibe anauzidwa. Anthu anayamba aimba nyimbo za chipani, amayi anavina, fungo la phulusa lili m'mphuno. Kenako anamutulutsa Bestone. Diso limodzi linali litatsekeka, ndipo mkazi wake atamuona analuma nsalu kuti asalire mokweza. A Kingstone analankhula nthawi yaitali za adani amene amadya nafe mbale imodzi, mpaka bwana uja anayang'ana wotchi. Atatero anaitana a Zondwayo.

“Mlonda, munaona munthu?” anafunsa bwanayo m'Chichewa chosalala cha kuchigawo chapakati.

“Ndinamuona, bwana.”

“Ndi uyu?”

A Zondwayo anamuyang'ana Bestone, ndipo ngakhale pamenepo sanamve chikondi chilichonse. Anangoona munthu womangidwa amene sanayatse moto. Kumapeto kwa bwalo, pakati pa amayi, Kezia anali ataimirira manja ali pansi pa mimba.

“Yayi, bwana. Si ameneyu.”

A Kingstone anatsegula pakamwa n'kutsekanso.

“Nanga ndani?” anafunsa bwanayo.

“Bwana, ndiyambe ndanena kuti sizinali zoukira boma. Munthuyo ankasaka mbewa. Anayatsa kunja kwa fayabuleki, koma mphepo ndi imene...”

“Ndafunsa kuti ndani.”

“Mkweni wane, bwana. Mwamuna wa mwana wanga. Saulosi.”

Saulosi anaimirira asanaitanidwe. Bwana uja anamuyang'ana, anayang'ana manja okulungidwawo, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kwa munthu amene wakumbuka kwawo.

“Mbewa! Madala, ine kwathu timadya mbewa, musandiphunzitse. Ndikukukhulupirirani ndithu.”

Mtima wa a Zondwayo unadumpha. Anatsala pang'ono kucheuka kuti amuyang'ane Kezia.

“Koma tandiuzani,” anapitiriza bwanayo, “ine ndibwerere kwa amene andituma ndikawauze chiyani? Kuti nkhalango ya boma yapsa chifukwa cha ndiwo? Akandiona ngati ndani? Wotentha chuma cha boma ndi mdani wa boma. Zoti ankafuna mbewa kapena njovu akazinena kutsogoloko.”

“Bwana, munthu wotere amangobweza. Zinalembedwa kuti...”

“Zinalembedwa kuti? Khalani pansi, madala, ntchito yanu mwaigwira bwino.” Anatembenukira kwa anthu. “Mwawaona bambo awa? Sanabise ngakhale mkamwini wawo weniweni, chifukwa chokonda boma. Anthu otere ndi amene tikuwafuna. Aombereni m'manja.”

Ndipo anthu anaomba, chifukwa masiku amenewo wosaomba m'manja ankaoneka. A Zondwayo anaimirira pakati pa bwalo akuomberedwa m'manja, ndipo anafuna nthaka itang'ambika.

Chingwe chinalipo chimodzi chokha, choncho anamumasula Bestone n'kumangira Saulosi chomwecho. Pokwera landirova Saulosi anacheuka kuyang'ana apongozi ake. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo ayi, bwenzi kuli kopepuka. Anawayang'ana monga ankachitira Lachitatu, kudikira kuti atsegule tsamba lina. Galimoto inanyamuka, galu woyera uja n'kuithamangira mpaka pokhota. Kezia sanalire. Anatembenuka n'kumapita kunyumba, akuyenda pang'onopang'ono.

M'mawa mwake a Zondwayo akupita kunsanja anakumana ndi Bestone, akutsimphina, mkazi wake atasenza mtolo, tiana tili pambuyo. A Kingstone sanakondwe kuchititsidwa manyazi, ndipo kanyumba kaja anali atakagwetsa kale. Banjali linkalowera ku Zambia, njira yomweyo imene Saulosi akanadutsa.

“Yewo, a Nhlane,” anatero Bestone. “Ana awa ali ndi bambo chifukwa cha inu.”

A Zondwayo anangogwedeza mutu.

Bestone anayenda pang'ono, n'kuima. “Koma zija za akufa zija simunamvetsebe. Mukawerengenso bwino.”

A Zondwayo anaima n'kumawayang'ana mpaka analowa m'tchire, ndipo sanadzawaonenso.

Loweruka lotsatira anakwera lole ya matabwa kupita ku boma la Mzimba, atanyamula bulangete ndi mtedza wokazinga. Anatsika pafupi ndi msika, anafunsa njira, anafika pa ofesi ina ya mpanda wawaya. Anadikira pabenchi dzuwa likuwaotcha mpaka wina wa yunifolomu anatuluka.

“Kuno kulibe munthu wa dzina limenelo,” anatero munthuyo.

“Anamutenga ku Luwawa ndi landirova, bwana. Wa manja opsa.”

“Ndati kulibe. Ndipo inu mukufunsa ngati ndani wake?”

Funso limenelo masiku amenewo linali ndi mano, ndipo a Zondwayo anachita chimene sankaganiza kuti angachite: anatenga bulangete lawo n'kuchoka osayankha. Mayi wina wosesa pabwalo anawatsatira mpaka pachipata, n'kunong'ona akuyang'ana tsache lake kuti anthu a milandu yotero sagona pano, amapita nawo kummwera. Kummwera kuti, sanadziwe.

Anakakhala pamalo okwerera basi, anatulutsa buku m'thumba. Anafuna kulikwiyira. Anatsegula pankhani ya moto, pankhani ya mboni, pankhani ya azamba, ndipo mawu onse anali m'malo mwake. Palibe limodzi limene linawanamiza. Bukulo linati usaphetse wosalakwa, ndipo wosalakwa anali moyo. Silinanenepo kuti bwana wa suti yotuwa adzaweruza molungama. Zimenezo anawonjezera okha, ndipo anaziwonjezera chifukwa mnyamata anawauza kuti inu ndi amene mumadziwa. Analira pamenepo, pakati pa ogulitsa nthochi, mkulu wa imvi, ndipo anthu anasuntha kuwapatsa malo poganiza kuti ndi wamaliro.

Kalasi la Lachitatu silinathe, koma linaonda. Ena anasiya kubwera poopa kuoneka ndi apongozi a chigawenga, ena poopa a Zondwayo enieniwo. Amene ankabwerabe ankawerenga mokoma, kupemphera, n'kumapita. Nkhani za nkhuku ndi za akazi osalankhula panalibenso wozibweretsa. Ndani angaulule zake kwa munthu amene sabisa ngakhale za m'nyumba mwake? A Kingstone ankawapatsa moni wa manja awiri pagulu, n'kumawatchula m'misonkhano ngati nzika yabwino, ndipo moniwo unkawawa kuposa kutukwanidwa.

Nyumba ya pakomboni inali ya ogwira ntchito, choncho Kezia anauzidwa kuti atuluke. A Zondwayo anamusesera chipinda kwawo, koma iye anamanga katundu wake n'kupita ku Champhira kwa azakhali ake, a Mable, mlongo wawo wa a Zondwayo. Sanawatukwane bambo ake. Anagwada, anatsazika mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo unali wozizira ngati madzi a m'damu. Za Saulosi sikunamvekenso kanthu. Ena ankati ali kundende ina ya kummwera, ena ankati manja aja anaola. Panalibe woti n'kumufunsa.

Mvula ili pakati, uthenga unafika wakuti Kezia wachira, mwana wamwamuna. A Zondwayo anadikira kuti mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta. Akuchimuna anali kutali ku Dowa ndipo ankaopa ngakhale kulemba, choncho udindo wotcha dzina unagwera iwo. Anaulandira ngati munthu wanjala. Anakhala masiku pansanja akusankha, kutsegula apa, kutseka, kutsegula apo, mpaka anapeza dzina labwino la m'Malemba, la munthu amene anatayika n'kupezekanso. Ankalitchula chamumtima njira yonse ya ku Champhira, atanyamula nkhuku ndi kansalu katsopano. Ankaganiza kuti mwina mwana akaikidwa m'manja mwawo, china chake chisungunuka.

A Mable anawalandira nkhuku, anawayalira mphasa pakhonde, koma sankawayang'ana m'maso. Amayi a pamudzi anakhala chapatali. Patapita nthawi Kezia anatuluka, ataonda, mwana ali m'manja. Anagwada, anapereka moni, n'kuwaikira mwanayo pamiyendo. Kanali kamwana kofiira, kamphumi kotakata ngati ka bambo ake, kakugona tulo tosadziwa kanthu.

“Mwana wane, Chiuta watikumbuka,” anatero a Zondwayo. “Ndabwera ndi dzina.”

“Dzina ali nalo kale, adada.”

A Zondwayo anayang'ana mlongo wawo. A Mable ankayang'ana kuphiri.

“Wamutcha ndani?”

“Ndamutcha ine.”

Zimenezo sizinkachitika, koma a Zondwayo anameza. Kumeneko mayi wopwetekedwa mtima sakangana ndi akulu. Amaika mawu ake m'dzina la mwana, kuti amene akuwanenayo aziwatchula yekha tsiku lililonse. A Zondwayo ankaudziwa mwambowo.

“Ndani dzina lake?”

“Mwamupereka.”

A Zondwayo anayang'ana pansi pamwanayo. Anafuna kunena kuti sanamupereke, kuti ananena zoona basi, kuti ana a Bestone ali ndi bambo. Zonsezo zinali zoona, ndipo panalibe chimodzi chimene akanatha kumuuza mayi ameneyu.

“Kezia...”

“Muitaneni, adada,” anatero Kezia, mawu ali phee. “Ndi mdzukulu wanu. Akuyenera kumva liwu la agogo ake.”

Mwanayo anasuntha, anatsegula timaso. Amayi aja anadikira, a Mable anadikira, Kezia ali chigwadire. A Zondwayo ananyambita milomo, anawerama pafupi ndi kakhutu kaja.

“Mwamupereka,” anatero.

“Sanamve,” anatero Kezia. “Kwezani mawu.”